Galu, kope ndi makobili anayi: kuphunzitsa mwana masamu a mwayi ndi kulemba kudzera mwa agalu a ulenje

Mwana amene wakonda agalu a ulenje amakhala ndi chinthu chimene buku la masamu silingamupatse: maganizo ake olimba. Adzakuuzani mosaphethira kuti spaniel ndi wachangu kuposa Labrador, kuti galu wakuda ndiye womvera, kuti galu wa kwawo salephera kupeza chinthu chobisika mu udzu. Zonena zonsezi zingayesedwe ndi manambala, ndipo mwanayo amafunitsitsa kudziwa ngati akulondola chifukwa nkhaniyo ndi yake, sanaipatsidwe ndi aphunzitsi. Malangizo awa ndi a makolo ndi aphunzitsi a ana a zaka 10 mpaka 15, makamaka amene ali ku Britain komwe agaluwa ali ponseponse, ngakhale kuti zambiri zingatheke kulikonse kumene kuli galu wodziwa kuthamangira mpira n'kubwera nawo. Mfuti siikufunika, ndipo palibe mbalame imene iphedwe. Ophunzitsa agaluwa nthawi zambiri amagwiritsa ntchito dummy, kathumba ka kanivasi kolemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo inunso mugwiritsa ntchito yomweyo. Sokosi yakale yokhwimitsa ndi nsanza imagwiranso ntchito.

Lamulo lake ndi limodzi ndipo libwera pa sitepe iliyonse: mwana alembe kaye zimene akuganiza kuti zichitika, asanayese, asanawerenge. Akapanda kutero, zotsatira zikabwera adzati ankadziwa kale.

1. Mulekeni akuphunzitseni

Tsiku loyamba musatchule masamu. Mufunseni kuti akufotokozereni mitundu ya agaluwa ndi ntchito zawo, inu muzimvetsera ngati mlendo. Ngati amaikondadi nkhaniyi, adzakuuzani kuti bungwe loona za agalu ku Britain la Kennel Club, lomwe linakhazikitsidwa mu 1873, limawaika agaluwa m'magulu anayi molingana ndi ntchito. Ma pointer ndi ma setter amathamanga patali, akamva fungo la mbalame amaima chilili, mphuno italoza pomwe yabisala. Ma spaniel amalowa m'zitsamba pafupi ndi mlenje n'kuvumbulutsa mbalame kuti iuluke. Ma retriever, monga Labrador ndi golden retriever, amadikira mbalame igwe ndipo amakaitola n'kuibweretsa osaitafuna. Gulu lachinayi, la agalu ngati German shorthaired pointer ndi Hungarian vizsla, limachita zonse zitatu.

Akamayankhula, inu muzilemba chiganizo chilichonse chimene chili ndi mawu akuti "nthawi zonse", "sachita", "kuposa" kapena "ambiri". Pomaliza muwerengereni, kenako mufunse funso limodzi: "Pa zimenezi, ndi ziti tingaziyese ife awiri ndi galu wathu, ndipo ndi ziti zofunika manambala a anthu ena?" Kusiyanitsa ziwirizi ndiye phunziro loyamba la statistics, masamu osonkhanitsa ndi kutanthauzira manambala, ngakhale mwanayo sadzazindikira kuti waphunzira.

2. Gulani kope, ndipo likhale la galu basi

Kope likhale laling'ono lolowa m'thumba la jekete, ndipo mulembemo ndi pensulo chifukwa inki imasungunuka ndi mvula. Pa tsamba lililonse mwana ajambule tebulo la mizere iyi: tsiku, malo, kutalika kwa mtunda m'masitepe, mbali imene mphepo ikuchokera, ngati galu anaona dummy ikugwa kapena ayi, masekondi amene anatenga kuchokera pomwe watumidwa kufika pomwe wabweza m'manja, ndi mpata wa chiganizo chimodzi chofotokoza zimene zinachitika.

Mzere wakuti anaona kapena sanaone ndi wofunika kwambiri. Ophunzitsa agalu ku Britain amati marked retrieve galu akaona pomwe chinthu chagwera, ndipo amati blind retrieve akatumidwa kokatola chimene sanachione, akungodalira mkono wa mwini wake, wezulo ndi mphuno yake. Ntchito ziwirizi n'zosiyana kotheratu. Mwana akaphatikiza masekondi ake mu mulu umodzi adzapeza nambala yosanena kanthu.

Musanayambe kuwerenga nthawi, gwirizanani tanthauzo la chinthu chilichonse, ndipo mwana alembe pa chikuto cha m'kati. Wotchi iyamba liti: galu akanyamuka kapena dzina lake likatchulidwa? Akalavula dummy pansi pa mapazi anu m'malo moipereka m'manja, mwati wabweza kapena ayi? Mafunso amenewa amaoneka ang'onoang'ono, koma mlungu wachitatu mwana adzafuna kusintha lamulo kuti galu wake aoneke bwino. Zikatero mumutsegulire pa chikutopo.

Musamutope galu chifukwa chofuna manambala ambiri. Maulendo atatu kapena anayi pa tsiku ndi okwanira. Akapitirira apo amatopa nazo, kapena amayamba kudumpha asanatumidwe, zomwe ndi cholakwa chachikulu kwa galu wa ulenje. Choncho manambala adzasonkhana pang'onopang'ono, kwa milungu ingapo. Amene muli ku Malawi kapena ku Zambia ndipo mukugwiritsa ntchito galu wa pakhomo, onetsetsani kuti anabayitsa katemera wa chiwewe mwana asanayambe kumulanda zinthu m'kamwa.

3. Avereji ndi median

Pakakhala maulendo asanu ndi awiri kapena kuposa a mtunda wofanana, khalani pansi. Tiyerekeze kuti m'kope muli masekondi awa: 14, 16, 15, 13, 52, 15, 17. Ulendo wa 52 uja galu anaona gologolo n'kuiwala zomwe anatumidwa. Funsani mwana kuti, "Mnzako atakufunsa kuti galu wako amatenga nthawi yaitali bwanji, ungamuuze nambala iti imodzi?" Alembe yankho lake kaye.

Kenako aphatikize zonse, apeza 142, agawe ndi 7, apeza 20.3. Iyo ndiyo avereji. Tsopano aziike m'ndondomeko kuyambira yaing'ono: 13, 14, 15, 15, 16, 17, 52. Yapakati ndi 15, ndipo iyo ndiyo median. Apa mwana aliyense amakwiya ndi avereji, chifukwa akuona yekha kuti galu wake sanatengepo masekondi 20 ngakhale kamodzi, ndipo maulendo asanu ndi limodzi anali pansi pa 18. Mkwiyo umenewu ndi wabwino. Wamvetsa ndi mtima wake chifukwa chimene nambala imodzi yotalikira kwambiri imakokera avereji koma median osaigwedeza.

Chotsatira adzapempha kufufuta 52. Musalole, koma musangokana. Mufunseni kuti akanakhala ku mpikisano ndipo gologolo n'kudutsa, oweruza akanafufuta? Nambala imachotsedwa pokhapokha ngati yalakwika polemba kapena wotchi inachedwa kuimitsidwa, ndipo ngakhale pamenepo imadulidwa ndi kamzere kamodzi kuti iziwerengekabe, chifukwa chake n'kulembedwa pambali.

4. Yesani mphepo, koma kobili lisankhe

Aliyense woyenda ndi agaluwa amadziwa kuti fungo limayenda ndi mphepo. Galu akadutsa kumunsi kwa mphepo, mbali imene mphepo ikulowera itadutsa pa dummy, mumamuona akutembenuza mutu mwadzidzidzi ali pa liwiro, mchira n'kuyamba kugwedezeka mofulumira, kenako amakhotera molunjika pomwe pali chinthucho. Akadutsa mbali inayo angathe kupyola sitepe imodzi yokha kuchokera pa dummy osamva kanthu. Mwana aone zimenezi ndi maso ake kangapo, ndiyeno mufunse: kodi galu wathu amapeza msanga dummy yobisika akatumidwa moyang'anana ndi mphepo kapena mphepo ili kumsana kwake? Ndi masekondi angati kusiyana kwake? Alembe zimene akuganiza.

Sankhani bwalo la udzu wofika m'mawondo. Kuti mudziwe kumene mphepo ikuchokera, mwana azule tiudzu touma n'kutiwaza m'mwamba. Mtunda ukhale umodzi nthawi zonse, mwachitsanzo masitepe 30. Wina akabise dummy galu atatembenuzidwa, ndipo pobwerera azungulire njira ina kuti galu asangotsata fungo la mapazi ake.

Tsopano pali msampha. Mwana akamasankha yekha kuti ulendo uno ndi woyang'anana ndi mphepo, mosadziwa adzauika poyamba galu ali ndi mphamvu, kapena pa tsiku la nyengo yabwino, chifukwa akufuna kuti zimene analemba zikwaniritsidwe. Choncho ponyani kobili ulendo uliwonse: mbali ina ndi kuyang'anana ndi mphepo, ina ndi mphepo kumsana. Njira yosiyira mwayi kuti usankhe inakhazikitsidwa ndi Ronald Fisher, amene anayamba ntchito mu 1919 pa malo ofufuzira za ulimi a Rothamsted ku England, komwe vuto linali lofanana ndi lanuli: mbewu ikabereka bwino, ndi feteleza kapena ndi chifukwa choti munthu anaidzala pa nthaka yachonde? Mankhwala atsopano m'zipatala amayesedwa motero mpaka lero.

Pakakwana maulendo khumi mbali iliyonse, mwana ajambule mzere wa masekondi pa pepala, aike kadontho ka pensulo yofiira pa ulendo uliwonse wa mbali ina ndi kabuluu pa wa mbali inayo. Asanawerengere median, ayang'ane kaye chithunzicho. Ngati madontho ofiira ali kwaokha ndipo abuluu ali kwaokha, kusiyana kulipo. Ngati asakanikirana, median ziwiri zingasiyane ndi masekondi atatu koma osatanthauza kanthu. Zotsatira zosakanikirana si kulephera. Mwanayo alembe kuti ndi maulendo 20 sanathe kuona kusiyana, basi.

5. Makobili anayi ndi mitundu ya ubweya wa Labrador

Apa ndipo pali phunziro lokoma koposa, ndipo silifuna galu ngakhale mmodzi. Labrador amakhala wakuda, wa chokoleti kapena wachikasu. Yambani ndi funso lodabwitsa: agalu awiri akuda angabereke mwana wachikasu? Nanga wachikasu ndi wa chokoleti angabereke ana akuda okhaokha? Mayankho onse awiri ndi inde, koma musaulule. Alembe zake.

Mtundu wa ubweyawu umalamulidwa ndi majini (genes m'Chingerezi, tinthu ta m'thupi totengera ku makolo) a pa malo awiri. Pa malo aliwonse galu amakhala ndi majini awiri, lina lochokera kwa bambo, lina kwa mayi. Malo oyamba ali ndi B wamkulu, wa mtundu wakuda, ndi b wamng'ono, wa chokoleti. B amaphimba b, kotero galu wa BB kapena Bb ndi wakuda, ndipo wa chokoleti ndi bb yekha. Malo achiwiri ali ndi E ndi e, ndipo ntchito yake ndi kulola kapena kuletsa kuti mtundu woderawo uonekere pa ubweya. Galu wokhala ndi E ngakhale mmodzi amaonetsa mtundu wake wakuda kapena wa chokoleti. Galu wa ee ndi wachikasu, kaya pa malo oyamba pali chiyani.

Tengani makobili anayi ndi selotepi ya pepala. Awiri ndi a bambo, awiri ndi a mayi. Pa kobili loyamba la bambo matani B mbali ina ndi b mbali inayo. Pa lachiwiri matani E ndi e. Chitani chimodzimodzi ndi a mayi. Mwapanga makolo awiri akuda, onse a BbEe, aliyense atabisa chokoleti ndi chikasu m'thupi mwake. Ikani makobili onse m'kapu, gwedezani, khuthulani pa tebulo. Chimene chagwa ndiye kagalu kamodzi. Mwana ayang'ane kaye makobili a E: ngati onse awiri aonetsa e wamng'ono, kagaluko ndi kachikasu, nkhani yatha. Ngati ayi, ayang'ane a B: onse awiri akakhala b wamng'ono ndi ka chokoleti, apo ayi ndi kakuda. Kukhuthula kasanu ndi katatu ndiye mimba imodzi ya ana 8. Ana aang'ono amakonda kupatsa tiagaluto mayina. Alekeni, bola alembe mtundu wa kalikonse.

Achite mimba 20, zomwe ndi ana 160. Ntchito imeneyi imatenga madzulo amodzi ndipo imakoma pakakhala ana awiri kapena atatu, wina wogwedeza kapu, wina wowerenga, wina wolemba. Musafotokoze kanthu mpaka atamaliza.

Tsopano jambulani bokosi la mizere inayi chopingasa ndi inayi chotsika. Bambo angapereke BE, Be, bE kapena be; lembani zimenezi pamwamba. Mayi chimodzimodzi, lembani m'mbali. Mwana adzaze timabokosi tonse 16 ndipo apake mtundu wa kagalu kalikonse. Apeza 9 takuda, 3 ta chokoleti ndi 4 tachikasu. Bokosi lotere limatchedwa ndi dzina la Reginald Punnett wa ku Cambridge, ndipo malamulo ake ndi omwe Gregor Mendel anawapeza pa nsawawa n'kuwasindikiza mu 1866. Pa ana 160, mawerengedwe akuti tiyembekezere akuda 90, a chokoleti 30 ndi achikasu 40. Afananize ndi zimene makobili anapereka. Sizidzafanana ndendende, koma zidzayandikira.

Kenako abwerere ku mimba imodzi imodzi, ndipo pamenepa ndi pomwe mwayi umamveka bwino. Ngati kagalu kamodzi pa tinayi tilitonse kayenera kukhala kachikasu, ndiye kuti pa mimba ya ana 8 tiyembekezere tiwiri. Awerenge mimba zingati mwa 20 zija zinali ndi tachikasu tiwiri ndendende. Adzapeza kuti ndi zochepa kuposa momwe ankaganizira, chifukwa mwayi wake ndi pafupifupi 31 pa 100 basi. Mimba zina zidzakhala ndi kamodzi, zina tinayi, ndipo mwina ina ilibe ngakhale kamodzi. Mwayi woti pasakhale kachikasu ndi 3/4 kuchulukitsa ndi iyo yomwe kasanu ndi katatu, zomwe zimapereka 6561/65536, pafupifupi mimba imodzi pa 10 iliyonse. Mwana wa zaka 13 angawerengere yekha ndi kakyuleta.

Pamene mukugwedeza kapu, dikirani nthawi imene tiagalu takuda tagwa kasanu motsatizana, ndipo mufunse kuti, "Kotsatira kakhala kotani?" Pafupifupi mwana aliyense amati tsopano kachikasu kafika nthawi yake. Mufunseni ngati makobili akukumbukira zimene anagwa poyamba. Akuluakulu ambiri amataya ndalama pa kubetcha chifukwa cha maganizo omwewa, choncho musafulumire kudutsa apa.

Mafunso otsala mwana awayankhe yekha posintha zomata pa makobili. Agalu awiri achikasu sangabereke china koma achikasu, poti onse ndi ee. Awiri a chokoleti sangabereke wakuda, poti palibe B woti apereke, koma angabereke wachikasu ngati onse ali Ee. Ndipo wachikasu wa BBee ndi wa chokoleti wa bbEE amabereka ana a BbEe okhaokha, onse akuda bii. Kabokosi kamodzi pa 16 kaja, ka bbee, ndi galu wachikasu wa mphuno yofiirira m'malo mwa yakuda. Mwana akadziwa zimenezi amayamba kusuzumira mphuno ya Labrador aliyense wachikasu amene wakumana naye pa msewu. Masamu omwewa ndi amene oweta agalu amagwiritsa ntchito pa matenda ena a maso otengera ku makolo: agalu awiri onyamula jini la matendawo, iwo eni osadwala, akakweretsedwa, kagalu kalikonse kamakhala ndi mwayi umodzi pa inayi wolandira majini onse awiri oipawo.

6. Manambala a anthu ena

Mwana amene wasonkhanitsa manambala ake tsopano angathe kufunsa mafunso pa manambala a ena. Zitsanzo ziwiri n'zokwanira.

Choyamba ndi mapointi a mfundo za m'chiuno. Ku Britain, bungwe la madokotala a ziweto la British Veterinary Association pamodzi ndi Kennel Club amayeza zithunzi za ekisire za galu amene wakwanitsa chaka chimodzi. Mbali iliyonse ya chiuno imapatsidwa mapointi kuyambira 0 mpaka 53, zonse pamodzi 0 mpaka 106, ndipo mapointi ochepa ndiwo abwino. Oweta amalangizidwa kufananiza galu wawo ndi median ya mtundu wake. Mufunseni mwana chifukwa chake median ndiyo yoyenera apa, ndipo mumukumbutse za gologolo uja: agalu ambiri ali ndi mapointi otsika, koma ochepa a ziuno zoonongeka kwambiri amakokera avereji m'mwamba. Funso lachiwiri ndi lovutirapo: ndi agalu ati amene sali m'manambalawa? Kuyezetsa n'kwaufulu ndipo kumalipiridwa. Ngati mwini galu aona kuti chithunzi sichili bwino n'kusankha kusachitumiza, manambala a mtundu wonse adzaoneka abwino kuposa momwe zinthu zilili.

Chachiwiri ndi kafukufuku wa VetCompass wa Royal Veterinary College ya ku London, amene anasindikizidwa mu 2018 ataunika zolemba za m'zipatala za ziweto za ma Labrador oposa 33,000. Anapeza kuti median ya zaka zimene a chokoleti amakhala ndi moyo ndi 10.7, pamene ya akuda ndi achikasu ndi 12.1, ndiponso kuti a chokoleti amadwala kawirikawiri matenda a m'makutu ndi a pakhungu. Muuzeni mwana manambalawa, kenako alembe zifukwa zitatu zosiyana zimene zingachititse kusiyana kumeneku. Choyamba chimene aliyense amalemba ndi chakuti mtunduwo ndiwo umadwalitsa. Koma iye akudziwa kale kuti chokoleti chimafuna bb, ndipo woweta wofuna ana a chokoleti okhaokha amasankha makolo m'kagulu kochepa ka agalu, mwina akuyang'ana mtundu kuposa thanzi. Ofufuzawo anatchulanso chifukwa chimenechi. Zinthu ziwiri zikamayendera limodzi sizitanthauza kuti china chikuyambitsa chinzake. Ngati galu wa pakhomo panu ndi wa chokoleti, nenani msanga kuti median si tsiku la imfa ya galu wina aliyense: theka la agaluwo linapitirira zaka zimenezo.

7. Kulemba

Kulemba kunayamba kale, pa kampata ka chiganizo chimodzi m'kope muja. Poyamba mwana amalemba kuti "Anachita bwino" kapena "Sanamvere." Musakonze galamala. Ingofunsani kuti, "Ine sindinalipo. Unaona chiyani?" Pang'onopang'ono ziganizo zimasanduka zonga izi: "Anapyola dummy kumanja, ndinaimba wezulo kamodzi, anakhala pansi n'kundiyang'ana, ndinaloza kumanzere." Kusiya chigamulo n'kulemba chimene maso aona ndi luso limene ambiri amafika nalo ku koleji asanaliphunzire.

Ntchito yoyamba yaikulu ikhale lipoti la tsamba limodzi la kuyesa mphepo kuja. Likhale ndi zimene ankaganiza asanayambe, zimene anachita mwatsatanetsatane moti mnzake angathe kubwereza osamufunsa, zimene anapeza pamodzi ndi chithunzi cha madontho, ndi zimene zikanatha kusokoneza zotsatira. Njira yabwino yoyesera gawo lachiwiri ndi kupereka pepalalo kwa munthu wina wa m'nyumba kuti atsatire mawu ake okha, osaonjezera nzeru zake. Ngati sipanalembedwe kuti galu atembenuzidwe pobisa dummy, wotsatirayo abise galu akuona. Mwana adzaseka, kenako adzatenga pensulo.

Ntchito yachiwiri ndi yoweruza. Pa mipikisano ya ma retriever yogwiritsa ntchito dummy, imene amati working test, gawo lililonse limapatsidwa mapointi mpaka 20. Jambulani pa foni ulendo umodzi wa galu, ndipo inu ndi mwana mupereke mapointi aliyense payekha osaonetsana. Mukasiyana, aliyense alembe ndime imodzi yoteteza nambala yake potchula zimene zili mu vidiyo: galu anadikira kapena anasuntha asanatumidwe, anapita molunjika kapena anazungulira, anapereka m'manja kapena analavula. Ngati mwana wakutsutsani ndi umboni, sinthani mapointi anu iye akuona.

Ntchito yachitatu ndi ya mbiri, ndipo golden retriever ali ndi nkhani yoyenera. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira, ndipo zinkalembedwa m'mabuku, kuti mtunduwu unachokera kwa agalu a ku Russia ochita masewero mu sekasi, amene Dudley Marjoribanks, yemwe pambuyo pake anakhala Lord Tweedmouth, akuti anawagula atachita nawo chidwi. Nkhaniyo inali yokoma kuifotokoza. Koma Marjoribanks ankasunga kaundula wa agalu onse amene ankaweta, ndipo mu 1952 mbale wake, Earl of Ilchester, anaulula za m'kaundulayo mu magazini ya Country Life. Munalibe galu wa ku Russia. Munali galu wachikasu dzina lake Nous, wogulidwa ku Brighton, amene mu 1868 anakweretsedwa ndi Belle, wa mtundu wa Tweed water spaniel umene unatha kale, pa malo a Guisachan ku mapiri a Scotland. Mwana alembe nkhani ziwirizi, iliyonse m'mawu 150, yoyamba monga momwe munthu woikhulupirira akanaifotokozera anzake, yachiwiri monga momwe kaundula akusonyezera. Pansi pake ayankhe kuti n'chifukwa chiyani tikukhulupirira yachiwiri, ndipo ndi umboni wotani umene ungatisinthitse maganizo.

Chilankhulo cholembera asankhe yekha. Mwana wokulira ku Leeds kapena ku Glasgow mwina adzalemba lipoti m'Chingerezi chifukwa ndicho cha kusukulu, koma mupempheni afotokozere agogo ake pa foni m'Chichewa momwe agalu awiri akuda amaberekera wachikasu. Agogowo adzafunsa mafunso amene inu simunafunse, ndipo pomwe wakakamira pofotokoza ndi pomwe muyenera kubwereranso ndi kapu ya makobili.

Zonse zikatha, bwererani ku mndandanda wa tsiku loyamba. Pa chonena chilichonse mwana alembe chimodzi mwa zitatu: tayesa ndipo chikuoneka choona, tayesa ndipo sichikuoneka choona, kapena sitinayese. Zambiri zidzagwera pa chachitatu. Asankhepo chimodzi, alembe pa tsamba latsopano zimene akuganiza kuti zichitika ndi maulendo angati amene afunike, ndipo muike tsiku loyambira.